Chikwama Chopanda Mfuti

Kamfuti kanga ndinakapereka kupolisi ndi manja anga awiri, kutatsala sabata imodzi kuti ndikwere ndege yobwera kuno ku England, ndipo risiti yake ndili nayo. Ili m'fayilo yobiriwira, kumbuyo kwa zilolezo zonse zimene ndinkadula chaka ndi chaka. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kutchalitchi kwathu kuli anthu amene mpaka lero amanong'onezana kuti mkulu uja wa ku Erdington anagwidwa ndi mfuti kuchipatala. Sindinagwidwe ndi mfuti ine. Chimene chinali m'chiuno mwanga tsiku limenelo ndi chikwama chake chachikopa, ndipo m'kati mwake munali magalasi owerengera ndi khadi la basi.

Ndisanatsatire malemu mkazi wanga, amene anabwera ku England kudzagwira ntchito ya unamwino, ndinali mlenje pa esiteti ina cha ku Kasungu. Ntchito yanga inali kuthana ndi nguluwe zimene zinkatha chimanga. Mfuti yeniyeni inali yaitali, ya paphewa. Ka m'chiunoko kanali kakafupi moti kankabisika m'dzanja, kokhala ndi kagudumu kozungulira ka mabowo asanu. Sikanali kosakira. Munthu wopita kukasaka nguluwe ndi kamfuti kotero mutu wake sukuyenda bwino. Kanali kodikira tsiku limene yaikuluyo idzakane.

Ndinkaikamo zipolopolo zinayi zokha. Bowo loyang'anizana ndi kanyundo ndinkalisiya lopanda kanthu, kuti ndikagwa kapena kukodwa m'zitsamba kasalire kokha. Anzanga ankandiseka. "Achimwene, mabowo alipo asanu, inu mukudzimana limodzi, mukusungira alendo?" Mmodzi mwa osekawo anadziwombera chala chakuphazi podumpha pa thirakitala. Sindinamuseke, koma lipoti la ngoziyo ndinalemba ndine, ndipo kope lake ndili nalo.

Zaka zonsezo, pa chinthu chamoyo ndinakawomba kamodzi kokha. Unali m'mawa, ndikutsata magazi a nguluwe yamphongo imene ndinaivulaza, mpaka m'bango la m'mphepete mwa dambo. Inatulukira pafupi kwambiri. Mfuti yaikulu inangoti kha, osalira. Nguluweyo inandigwetsa chagada, ndipo dzino limene likanang'amba mimba yanga linang'amba chikwama. Ndinasolola kamfutiko ndili chigonere n'kuiwombera kuseri kwa khutu. Pong'ambikapo ndinasoka ndekha ndi ulusi wa m'matayala, ndipo msokowo sunamasukepo.

Munthu sindinamulozepo nako. Tsiku lina masana, ndikuchokera kumsika pa njinga, amuna awiri a zikwanje anandiimitsa pa mlatho. Ndinangokweza malaya pang'ono. Anayang'ana m'chiunomo, anayang'anana, kenaka anandifunsa njira ya kuchigayo, ngati kuti ndi chimene anandiimitsira.

Lamulo la kuno ndinalidziwa ndisananyamuke: mfuti ya m'chiuno munthu wamba sakhala nayo. Ndinamvera, monga ndinkamvera malamulo akwathu. Koma za chikopa palibe amene ananenapo kanthu, ndipo chiuno chimene chanyamula chinthu zaka zambiri chimasowa mtendere chikakhala chokha. Magalasi anga amalowamo ndendende. Ndinayenda nacho m'mabasi a mumzinda uno kwa nthawi yaitali, pansi pa jekete, popanda wondifunsa.

Tsiku la vutolo linali Lolemba. Ndinapita kukapimitsa maso ku chipatala chachikulu cha ku Edgbaston, komwenso mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ya unamwino monga amayi ake. Mtsikana wa pa desiki anandipatsa fomu. Ndinakweza jekete, n'kutsegula batani la chikwama kuti nditenge magalasi. Mayi amene anali pambuyo panga anachoka pamzere mwakachetechete. Fomu ndisanaimalize, alonda awiri anali ataima mbali ndi mbali.

Sanandigwire, zimenezo ndisawanamizire. Anandipempha kuti tilowe m'kachipinda, ndipo ndinatulutsa zonse pa tebulo: magalasi, khadi la basi. Mmodzi anaseka. Winayo sanaseke, anandifunsa ngati ndili ndi wachibale woti amuitane. Pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinanyadira kunena kuti mwana wanga ndi namwino momwemuno. Anamuitana kuchokera kuwodi, anabwera ndi yunifolomu yake, nandipeza nditakhala ngati mwana wasukulu wogwidwa ndi mango.

Anandiyankhula madzulo, atabwera kunyumba, asanavule ndi nsapato zomwe.

"Bambo, mukudziwa kuti manejala wanga wandifunsa ngati kunyumba kwathu kuli mfuti?"

"Wamuyankha chiyani?"

"Ndamuuza kuti kuli nkhalamba yosamva basi."

"Ndi chikopa chabe, mwanawe. Lamba wakonso ndi wachikopa."

"Lamba wanga saitanitsa masekiyurite." Anakhala pansi. "Bambo, kuno munthu wakuda akapisa dzanja m'jekete, sayamba amufunsa za fayilo yobiriwira. Lero anali alonda aulemu. Mawa adzakhala ena. Mukufuna ndidzaitanidwenso, koma kumochale?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa bodza munalibe. Ndinatenga magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Iye anaona ngati ndagonja, ndiye anamalizitsa.

"Bini imatengedwa Lachinayi. Chikwamacho chikhale chili m'menemo. Mukalephera ndikuthandizani."

Kuti ndisamapite nacho malo ena, ndikanamva. Koma m'bini, pamodzi ndi makoko a mbatata ndi matewera a mdzukulu wanga, chinthu chimene chinalandira dzino m'malo mwa mimba yanga, ayi. Mwana wangayo anabadwa patapita zaka kuchokera m'mawa uja wa kudambo. Chikanapanda chikopacho, bwenzi palibe namwino woti manejala amufunse mafunso.

Lachitatu ndinavala suti, ndinatenga fayilo yobiriwira ndi fulasiki ya tiyi, chikwamacho ndinachiika m'jumbo yoonekera m'kati kuti pasapezeke wonena kuti ndinabisa, ndipo ndinakwera basi kupita kupolisi.

Pa kauntala panali wapolisi wamkazi, wamng'ono kwa mwana wanga. Ndinamuyalira mapepala motsatana: kalata yondilemba ntchito, zilolezo, lipoti la nguluwe, risiti yoperekera kamfutiko yokhala ndi chidindo. Anawerenga onse, ndipo pa zimenezo ndimamulemekeza. Anandiuza kuti chikwama chopanda kanthu si mlandu.

"Zikomo, mayi. Ndilembereni zimenezo."

Anati palibe fomu ya chinthu chimene si mlandu. Ndinamuuza kuti pepala wamba likwana. Anati sizichitika choncho. Ndinamuuza kuti ine ndinapuma pantchito, ndilibe kothamangira, ndipo ndinakakhala pa benchi n'kutsegula fulasiki. Anthu analowa, anatuluka. Wina anataya foni, wina galimoto yake inakokedwa. Ine ndili pomwepo, jumbo ili pamiyendo.

Tiyi atatsala pang'ono kutha, kunatuluka sajeni wa imvi. Anatembenuza chikwamacho, nayendetsa chala pa msoko uja, n'kundifunsa chimene chinang'amba. Ndinamufotokozera za nguluwe, ndi za bowo lachisanu lomwe. Anagwedeza mutu, nati agogo ake ankasaka akalulu ndipo nawonso anali ndi timalamulo tawo. Kenaka anatenga kakhadi ka ofesi yawo, nalemba kumbuyo kwake kuti waona chikwama chachikopa chopanda kanthu ndipo palibe mlandu, nasayina. Pondipatsa anati, "Koma bambo, ndikanakhala ine sindikanachivala pansi pa jekete." Zimenezo sanazilembe, choncho ndinazitenga ngati maganizo a munthu.

Mwana wanga anawerenga kakhadiko ataimirira m'khitchini. Anakawerenga kawiri.

"Mwakhala kupolisi tsiku lonse chifukwa cha kameneka?"

"Theka la tsiku."

"Amayi akanakhalapo bwenzi atakuponyani m'bini inuyo." Anafuna kuseka, koma anadzigwira. "Pepala limeneli mayi uja wa pamzere sakanaliwerenga, bambo. Anachita mantha kaye."

Pamenepo ndinavomera, chifukwa ndi momwe anachitira amuna a zikwanje aja pa mlatho, ndipo nthawi imeneyo mantha awowo ndinkawafuna. Tinagwirizana zinthu zitatu. Ku chipatala chake sindidzapitanso nacho. Kwina konse ndizichivala kutsogolo, poonekera, chivindikiro chili chotsegula kuti magalasi azisuzumira. Iye sadzachikhudza, ngakhale ine nditadwala kapena nditapita. Ndinalemba pa pepala, ndinasayina, ndinamupatsa cholembera.

"Ndine mwana wanu, bambo, osati esiteti."

"Sayina apo, pansi pa dzina langa."

Anasayina. Lachinayi bini inatengedwa ndi makoko ake.

Kakhadi ka sajeni ndinakajambulitsa. Kenikeniko kali m'fayilo, kope lake lili m'chikwama, kuseri kwa khadi la basi. A kutchalitchi amene akuti ndinagwidwa ndi mfuti andipeze tikatuluka m'mapemphero. Ndimakhala mzere wachitatu, dzanja lamanja, ndipo fayilo ndimabwera nayo.