Chigubu Chimene Anandilanda

Ana anga atandiikira mpope pakhomo ku Chawama, ndinavina. Zaka zonse zija ndikusenza chigubu kuchokera ku kiyosiki ya madzi, ndiye ndileke kuvina? Mwana wanga wamkulu, amene amagwira ntchito ku Kitwe, anandiuza pafoni kuti, "Amayi, ndikadzangomva kuti mwasenzanso madzi, mudzakhala mwandichititsa manyazi."

Basi, ndinakhala pansi ine. Bambo awo anali atamwalira, m'nyumba muli zii. Ntchito yanga inali mpando, wailesi, tiyi wa shuga wambiri ndi zitumbuwa. Mimba inatuluka mpaka chitenje kukana kukumana. Kutchalitchi ankandiyamikira: "Mwanenepa, amai, bana bakusungani bwino!"

Kenako ludzu losatha, chizungulire. Tsiku lina ndinaterereka pang'ono chabe m'bafa, dzanja thyo! Kukiliniki namwino anandizunguliza tepi pamimba ngati telala, nanditenga magazi ndisanadye kanthu. Shuga wakwera, kuthamanga kwa magazi kwakwera, mafuta achuluka. Dokotala anati mafupa si nkhuni zouma ayi. Amatulutsa timadzi tina topita m'magazi, ndipo timeneti timaoneka kuti timayendera limodzi ndi shuga ndi mafuta a m'thupi.

"Mankhwala muzimwa, koma muziyenda," anatero. "Dzanja likapola muzinyamulako kanthu kopepuka. Mafupa amafuna ntchito. Mukangokhala, tsiku lina lidzathyoka ndi fupa la m'chiuno, ndipo kudzuka kudzavuta."

Mawu amenewo anandiopsa. Koma kuyenda kupita kuti? M'komboni munthu wamkulu akamangozungulira wopanda chochita amati mutu wasokonekera. Dzanja litapola ndinatenga kachigubu kakang'ono, ulendo ku kiyosiki. Kunena zoona, ndinalisowanso phokoso la pamzere.

Anzanga akale sindinawapeze. Wina anamwalira, wina ana ake anamutengera ku Chipata. Amene analipo anangondipatsa malo kutsogolo mwaulemu, nkhani zawo n'kuzidula. Ndinatunga, ndinasenza, ndipo khosi linakumbukira ntchito yake. Mtima unati myaa.

Ndisanafike ndi pangodya pomwe, mayi wina wochita lendi pafupi ndi kwathu anandithamangira.

"Awe, amai, bweletsani! Bantu bazakamba chani?"

"Ndisiye, iwe! Amenewa ndi mankhwala anga!" ndinakalipa.

Iye anaseka, kuyesa nthabwala, n'kunditula chigubu pamutu. Ndinamutsatira pambuyo manja ali lende. Titafika anachiika pafupi ndi mpope, n'kuutsegula kuti aone ngati wauma. Madzi anati waa! Anandiyang'ana mwachisoni, napita.

Dzuwa lisanalowe, foni inalira. Anali mwana wanga wa ku Kitwe uja, nkhani itamufika kale.

"Amayi, takulakwirani chiyani?"

Ndinafuna kumuuza za mafupa, za mantha anga, za kusungulumwa kwa nyumba ino. Koma mwanayo anaika mpope uja ndi mtima wake wonse.

"Palibe, mwanangu," ndinatero. "Sindidzapitanso."

Ndinabwerera pampando paja.