Satifiketi ya wachiwiri

Lero posanja mapepala anga ndapeza satifiketi ya mpikisano wothamanga kusukulu, yonena kuti ndinali wachiwiri. Bodza limeneli ndalisunga zaka zonsezi.

Woyambayo anali katswiri wa chilumba chathu chonse pa mpira, kusambira ndi liwiro, ndipo ngakhale kukoleji anakatutako zikho. Koma tsiku la mpikisanowo, tikuthamanga kubwerera kuchokera ku Yofu kumene tinakakhotera, ndinamuona akudulira njira m'munda wa chinangwa. Nditawauza aphunzitsi, anangoti, "Iwe, nsanje basi. Khala pansi."

M'mawa wa tsiku la mphoto ndinathyola chitedze ndi timitengo tiwiri, n'kuchikutumulira m'malaya ake oyera amene anayanika pampanda. Ansembe a pasukulu pathu akumupatsa chikho kutsogolo, ndinaona phewa lake likuyamba kugwedera. Ine ndinaomba m'manja kuposa aliyense.