Diso Lakumanja Lili ndi Mwini, Lakumanzere Ndi Lamasiye

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba loyamba la mwezi wa Ramadani, chaka chachiwiri cha mliri uno, nthawi ili 9 koloko m'mawa. Kapepala kosonyeza kuti analandira ndili nako. Dandaulo lachiwiri ndinalipereka Idi itangotha. Lino ndi lachitatu, ndipo ndaliika pano pa gulu lathu la Amalawi a ku Dubai, poti eni ake nkhaniyi anapita kukagwirira ntchito kunyumba atanyamula ndi makutu omwe.

Amene simundidziwa, ndine Che Amidu, uja wa basi yoyera yonyamula ophika zakudya za m'ndege ku Al Garhoud. Imvi ndili nazo zokwanira. Pepala lililonse limene munthu anandipatsapo m'dziko muno ndimasunga, ngakhale tikiti ya poimika galimoto. Ndiye musayese kunena kuti mkuluyu wasokoneza.

Nkhani ndi ya maso. Ndinachita ng'ala maso onse awiri. Dokotala anati achotsa limodzi kaye, linalo pakatha milungu itatu, ndipo inshulansi ya kuntchito kwathu inavomera onse awiri. Iye ankafuna kuyamba lakumanzere, poti ndi limene linaipa kwambiri. Ine ndinakana. Nsapato ndimayamba kuvala yakumanja. Mumzikiti ndimalowa ndi mwendo wakumanja. Posamba kuti ndiswali ndimayamba dzanja lakumanja. Ndiye diso ndiyambe lakumanzere, ngati ndikulowa m'chimbudzi? Dokotala anaseka, anati khalas, nkhani yatha baba, zikhale momwe mwafunira, milungu itatu si chaka.

Abale anga, diso latsopano ndi chinthu china! Atandichotsa bandeji ndinakuwa. Ndinaona kuti khoma la m'chipinda mwathu si lakhaki, ndi loyera. Ndinaona kuti mnzanga wogona bedi lapamwamba, amene zaka zonsezi ndinkamutuma ngati mnyamata, ali ndi dazi. Ndinayenda mpaka pa siteshoni ya sitima ndikuwerenga chikwangwani chilichonse mokweza ngati mwana wa sitandade wanu. Mpaka lero ndikatsinzina lakumanzereli ndimayamba kuseka ndekha.

Kenako matenda anakweranso. Maopaleshoni oti angathe kudikira anaimitsidwa. Pamenepo ndilibe mawu, anthu ankamwalira. Koma tili m'kati modikiramo, kampani yathu, poti ndege zambiri zinali zitagona pansi, inasiya inshulansi yakale n'kutigulira ina yotsika mtengo. Anatiuza pa meseji ya mizere iwiri. Ndinaisindikiza, ili mu fayilo.

Maopaleshoni atayambanso ndinathamangira kuchipatala ndi kadi yatsopano. Mtsikana wa pa kauntala anagogoda kompyuta yake, anati akana. Ndati chifukwa? Akuti ng'ala yakumanzere ndi matenda akale, ndinalowa nawo mu inshulansi yatsopanoyo, ndiye ndidikire miyezi isanu ndi umodzi. Matenda akale! Munthu wa msinkhu wanga ali ndi chiyani chatsopano? Mawondo ndi akale. Msana ndi wakale. Chatsopano ndi diso limodzi lokhali, limene tsopano likuwerenga tizilembo tawo ting'onoting'ono ta pansi pa pepala timene ankandibisiramo zinthu.

Mvetsani pamene pagona vuto. Laisensi yanga ikutha kumapeto kwa mwezi wamawa. Kuti aiwonjezere amayeza maso, ndipo amayeza limodzilimodzi. Lakumanzere limangoona utsi. Popanda laisensi palibe basi, popanda basi palibe viza. Sekani, inenso ndikuseka, koma sutikesi ndaitsitsa kale pamwamba pa kabati.

Ndinaimbira a inshulansi yakale. Anati pepani, simulinso wathu. Ndinaimbira atsopano. Anati atha kuchotsa miyezi yodikirayo ndikabweretsa kalata yochokera kwa akale aja, yotsimikiza kuti ndinali m'manja mwawo osadukiza. Ndinaimbira mayi woona za antchito ku kampani kwathu. Anayankha mwana akulira kumbuyo kwake, anati inshallah mawa. Inshallah yake ija si imene tinaphunzira ku madrasa.

Sabata yatha pa gulu pano munakangana kwambiri za kalipiridwe ka zipatala. Ena munkati thumba likhale limodzi, onse tiziponyamo, lizilipirira wodwala aliyense. Ena munkati makampani ambiri ndi abwino chifukwa amapikisana. Ine nditalemba kuti thumba likhale limodzi, Mayi Zulu, mlongo wathu wa ku Chipata amene amalera ana ku Al Furjan, sanafune zolemba. Anachita kuimba.

"Ba Amidu, imwe mwaiwala msanga. Kwanu kuja wolipira si mmodzi, boma? Nanga munathawa chiyani? Mukanapita ndi maso anuwo akanakupatsani panado awiri, wina wa diso ili, wina wa diso ilo."

"Mlongo, komabe akanawaona onse awiri. Kuno limodzi ndi bwana, linalo ndi mwana wamasiye."

"Ndiye mufuna onse akhale amasiye, kuti pasakhale nsanje?"

"Ndikufuna akhale ndi bambo mmodzi, ngakhale wosauka."

"Bambo wosauka alibe opaleshoni, mdala. Lanu lakumanjalo munalipeza kuti?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola, ndipo kutsokomola masiku ano mukudziwa, basi yonse imakutembenukira. Mayi Zulu sananame. Mkulu wanga anadikira opaleshoni yomweyi kwathu mpaka anazolowera ndodo. Koma iye ankadziwa khomo loti akakalipirepo. Ine ndili ndi makomo atatu, lililonse likuloza linzake. Akupikisana, inde. Akupikisana kuti asalipire ndani.

Tsopano imvani za dzulo.

Ndinapempha theka la tsiku kuntchito. Ndinavala masiki, ndinanyamula fayilo, ndinakwera sitima kupita ku JLT, kumene kuli ofesi yovomereza maopaleshoni a inshulansi yatsopano. Ndinafika 10 koloko itangokwana. Mlonda anandiyeza kutentha pamphumi n'kundilozera windo 3. Wodikira ndinali ndekha.

Pa windo 3 panali bambo wa tayi yabuluu, masiki ali pansi pa mphuno. Anatembenuza mapepala anga limodzilimodzi, anayamikira, akuti fayilo yosamalika chonchi sanaionepo. Kenako anati popanda kalata ya a inshulansi yakale sangachite kanthu. Ndati chabwino, ofesi yawo ili kuti, ndipite lero lomwe? Anati windo 4.

Ndinangosuntha pang'ono. Pa windo 4 panalibe munthu. Kenako ndinamva kwiii! Matayala. Bambo yemwe uja, tayi yomweyo, watulukira atakhala pa mpando wake wa matayala, osadzuka n'komwe. Anakonza masiki, anandiyang'ana ngati mlendo, n'kufunsa kuti andithandize chiyani.

Ndinatsinzina diso lakale kuti ndimuone ndi latsopano. Ndi yemweyo! Ndinamufunsa ngati anabadwa mapasa. Anati ayi habibi, bwenzi langa, ofesi yawoyo ndi kampani yachitatu, imagwirira ntchito makampani onse awiri, ndipo anzake anachotsedwa chifukwa cha mliri, ndiye mawindo onse ndi ake.

Ndati alhamdulillah, ndiye zaphweka! Lembani kalatayo pano, mugubuduke, mukailandire apo.

Anati sizitheka. Lamulo lawo ndi lakuti windo 3 ipemphe windo 4 pa imelo, ndipo windo 4 iyankhe ikafika pa dzina langa pamzere. Ndati imeloyo mwatumiza? Anagubudukira ku windo 3, anayang'ana, anati inatumizidwa kalekale, dandaulo langa loyamba lija litangofika. Ndati nanga yankho? Anapukusa mutu mwachisoni. Akuti a inshulansi yakale aja amachedwa kwambiri kuyankha.

Abale anga! Ndinakhala pansi penipeni, fayilo pachifuwa, kuseka mpaka misozi. Mlonda anabwera kudzandiyezanso kutentha.

Ndiye Mayi Zulu ndi nonse okonda mpikisano, ndakauona ndi diso langa labwinoli. Makampani atatu, mpando umodzi. Wogwira thumba ali kale mmodzi, kungoti kuno amamulipira kuti azidzikana yekha. Ngati ndi choncho, ndipatseni mmodzi wodziwika, wa windo imodzi, woti akakana ndidziwe kuti wakana ndi iyeyo. Mzere ndidzaima. Kuima pamzere ndinaphunzira ndili mwana.

Dokotala wandiuza kuti diso likachitidwa opaleshoni limafuna milungu ingapo kuti lipole lisanayezedwe. Masiku oseka atsala ochepa.

Choncho ine, Amidu, dalaivala, ndikupempha mwaulemu wonse kuti bambo wa pa windo 4 ayankhe bambo wa pa windo 3 sabata ino isanathe, molemba, ndipo kope la yankholo andipatse. Ndikupemphanso makampani onse atatu andiuze molemba kuti diso langa lakumanzere ndi la ndani. Ngati chikuchedwetsa ndi matayala a mpando, nenani. Lamlungu m'mawa, poti kuno ndi tsiku la ntchito, ndibwera ndi oilo wa basi, ndidzakukankhani ndekha.