Dzanja pa Chitseko cha Galimoto

Ntchito yotsuka galimoto ya bwana wa esiteti ndinaipeza nditathyola tiyi zaka zambiri, msana utayamba kale kudandaula. Masiku amenewo galimoto m'Thyolo zinali zosowa, ndipo yathuyo inali yakuda, yowala moti odutsa ankadziyang'anirapo. Bwana ankayendetsa yekha. Changa chinali ndowa, nsanza zofewa, ndi kupukusa chitsulo cha kutsogolo kuti injini idzuke. Komabe ndinkayenda ngati galimotoyo ndinagula ndine, ndipo sindibisa, ndinali wonyada.

Winanso amene ankaifuna ntchitoyo anali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Makina opotera tiyi ku fakitale anawadula zala ziwiri za dzanja lamanja, choncho ankasowa ntchito yopepuka. Kapitawo atasankha ine, iwo anangoseka nkundigwira chanza. Ine munthu woseka ataluza sindimukhulupirira. Masana ankabwera kudzakhala pamthunzi wa galaja, akudzola mafuta a nsatsi pa zipsera zawo kuchokera m'kansupa, nkumandiseka.

"Alamu, ipukuteni bwino," ankatero, "mwina tsiku lina idzakuswerani kamwana, mudzandigawire."

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinapeza dzanja pa chitseko. Linali dzanja lamanja, lotuwa, litadindidwa pa penti yakudayo, ndipo lina linali pa galasi. Ndinathira madzi, madziwo anangotsetsereka ngati pa tsamba la koko. Ndinapukuta ndi nsanza youma, kutuwako kunafalikira, galasi nkuchita chifunga. Ndinayesa phulusa pakangodya ka m'munsi, monga amakwechera mapoto, ndipo pentiyo inakalika. Ndinasiya msanga, mtima uli m'mwamba.

M'mawa mwake panali dzanja lina. Ndinalinunkhiza. Linali ndi kafungo ka mafuta kozuna, kosadziwika, kosafanana ndi girizi kapena palafini. Apa mpamene ndinayamba kuyang'ana anthu m'manja. Khukhi ndinamuyang'ana akusenda mbatata, wam'dimba ndinamuyang'ana akuthirira maluwa, koma maso anga ankabwerera ku kansupa ka alamu. Tonse tinkadziwa kuti alipo mankhwala odetsa munthu pamaso pa bwana wake, ndipo amawasakaniza ndi mafuta a nsatsi. Nanga ndani wina akanapindula ine nditachotsedwa?

Loweruka bwana analoza chitsekocho ndi kaliwo wake, nalankhula Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Lachitatu ine pita Limbe. Ine ona ichi, iwe bwerera munda."

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinapita kwa apongozi anga ku Khwethemule. Alamu anali pakhonde akusenda nzimbe, ndipo atandiona anayamba nthabwala zawo zija, kufunsa ngati galimoto yatenga kale pathupi. Anthu anaseka. Ine ndinapsa mtima.

"Alamu, lekani kundiyenda pansi," ndinatero. "Mankhwala anuwo akuonekera pa chitseko. Ngati mukufuna ntchito yanga, nenani poyera, osati zam'nsupa."

Alamu anaika mpeni pansi pang'onopang'ono.

"Alamu, mwanditchula mfiti pamaso pa amayi anga?"

"Mwadzitchula nokha," ndinayankha.

Mkazi wanga anandikoka malaya. "Inu, bwezani mawuwo tisanachoke pano. Achimwene sangachite zimenezo."

Sindinabweze. Ndinkaona ngati ndalankhula mwachamuna. Koma mawu otere pamudzi amathamanga, ndipo pofika madzulo ana a anansi anali atayamba kale kuwalambalala alamu. Lolemba m'mamawa ananyamula kamtolo kawo nkutsagana ndi anthu amene ankapita ku Halale kukafuna ntchito. Sanatsanzike aliyense kupatula amayi awo. Nditamva, ndinati mumtima, wothawa ndiye wolakwa.

Lachiwiri dzanja latsopano linali pa galasi. Kuuma mutu kwanga kunali kwakuti ndinayamba kuganiza kuti mankhwalawo akugwira ntchito mwini wake ali kutali. Ndinakhala pa ndowa yovundikira, ndikuyang'ana chitsekocho ngati chindiuza kanthu. Ndi mmene anandipezera mayi wochapa zovala za kunyumba kwa bwana, mayi wa ku Mphuka wa pakamwa posachedwa. Anatula mtolo wake, nayandikira, nanunkhiza galasilo.

"Abambo, ndiye mwakhala mukulira maliro a chimenechi? Awa ndi mafuta a mng'ono wake wa dona, uja wabwera posachedwayu. Khungu lake likupsa ndi dzuwa lathuli, ndiye amadzipaka zoyera za m'kachitini asanatuluke. Makolala a zovala zake onse ndi mafuta omwewa, andilemetsa nawo. Mukanandifunsa."

Ndisanayankhe, mtsikana wachizunguyo anatulukira pakhonde atavala chipewa chachikulu, mikono ili mbuu. Anabwera kudzatenga buku lake limene analiiwala pampando, natsamira chitseko ndi dzanja lake poweramira mkati. Atachoka, dzanjalo linatsala pomwepo. Anandimwetulira, nanena moni wa Chinyanja amene anali atangophunzira kumene. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Mayi uja anandilangiza monga amachitira ndi makolala. Ndinakankhira galimoto pamthunzi kuti chitsulo chizizire. Ndinapala sopo m'madzi ofunda mpaka thovu, ndinanyowetsa nsanza nkuigoneka pa chidindo chilichonse kanthawi, kenaka nkupukuta mofatsa kulowera mbali imodzi, ndikutembenuza nsanzayo kuti mafuta asabwerere. Kawiri, katatu, penti inayamba kuda ngati kale. Pa galasi sopo yekha ankasiya chifunga, choncho khukhi anandipatsa viniga pang'ono ndi nyuzipepala yakale. Galasi linalira pansi pa pepalalo, ndipo ndinaonanso mizere ya tiyi kuseri kwake. Pokalika paja ndinapakapo polishi wambiri, bwana sanapaone mpaka kale.

Panatsala dzanja limodzi pa galasi lakumbuyo, loyera bwino, losafufutika. Ndinakweza pepala kuti ndilipukute, koma ndinaima. Ndinawerenga zala zake, chimodzi, ziwiri, mpaka zisanu. Manja onse amene ndinalimbana nawo sabata yonseyo anali amanja, ndipo onse anali ndi zala zisanu. Ndinkawayang'ana m'mawa uliwonse, ndinkawanunkhiza, koma sindinawerengepo. Dzanja la alamu ndinkalidziwa, ndinali nditaligwira chanza kambirimbiri. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

Lachitatu bwana anazungulira galimoto yake, nagwedeza mutu, napita ku Limbe. Ntchito ndinakhala nayo zaka zina zambiri.

Tinatumiza uthenga ku Halale kudzera mwa aliyense wopita kumeneko, wakuti alamu abwere, ndinalakwa ndine, ndidzapepesa pakhonde lomwe lija anthu onse akumva. Ena anati anawaona pa famu ya fodya, ena anati anapitirira ku migodi. Apongozi anga anamwalira akuyang'anabe kunjira.

Koma chimene chimandibwerera kwambiri ndi Lachiwiri lomwelo. Nditafika kunyumba ndinamufotokozera mkazi wanga zonse, za kachitini, za viniga, za zala. Iye ankasankha nyemba m'lichero, ndipo sanadzutse mutu.

"Ndiye galimoto yayera?" anafunsa.

"Yayera."

"Chabwino," anatero. "Mawa mupite mukawauze amayi kuti yayera."