Kadontho ka Achimwene

Achimwene anga aphunzitsa pa yunivesite kuyambira tsitsi lili bii mpaka lero imvi zili mbuu. Phunziro lawo ndi la kasungidwe ndi kayendetsedwe ka uthenga m'makompyuta, monga mmene chipatala chimasungira mbiri ya odwala kuti isasokonezedwe. Ine ndine telala, choncho musandifunse zambiri. Chimene ndikudziwa bwino n'chakuti ophunzira anawapatsa dzina loti a Chofiira, chifukwa cha bolopeni yofiira imene sinkachoka m'thumba la shati. Mashati awo onse anali ndi banga pamtima, moti alamu anga anatopa nawo kuchapa.

Ofesi yawo ndi kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Muli fani yosazungulira ndi mpando wa alendo wothyoka mwendo, wochirikizidwa ndi mabuku akale. Chitseko sichinkatsekedwa. Aliyense wolemba kafukufuku ankabwera ndi mapepala ake, achimwene n'kuwerenga mzere ndi mzere, kukonza mafunso, nthawi zina kugwetsa mutu wonse n'kuumanganso. Mwini wake akati, "Aphunzitsi, ntchito mwagwirayi ndi yaikulu, tilembe dzina lanu pamwamba limodzi ndi langa," iwo ankakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

"Mzamba satenga mwana wa eni," ankatero. "Ingondithokozani kumapetoko."

Ndiye dzina lawo linadzaza kumapeto kwa mapepala a anthu, pamalo paja pamene munthu amathokoza mkazi wake ndi wotayipa. Zawozawo analemba zochepa, okha, ndipo pang'onopang'ono.

Chaka chatha akuluakulu a yunivesite anabweretsa muyeso watsopano. Kuti kontrakiti ya munthu iwonjezedwe, ankaona zinthu ziwiri: ofufuza ena atchula kangati zolemba zake m'zolemba zawo, ndiponso iye walemba limodzi ndi anthu angati, makamaka akunja. Kompyuta imawerenga yokha n'kujambula chithunzi. Munthu aliyense amakhala kadontho, ndipo amene analembera limodzi amalumikizidwa ndi mzere. Kuthokoza kwa kumapeto kuja kompyuta ilibe nako ntchito.

Achimwene anabwera nacho chithunzicho kushopu kwanga masana ena, n'kuchiyala pa tebulo lodulira nsalu. Pakati panali piringupiringu wa mizere ngati ulusi wopotana. Anayamba kuloza madontho akuluakulu: uyu ndinamukonzera, uyu anabwera akulira, uyu sankadziwa n'komwe poyambira.

"Nanga inu muli pati, achimwene?"

Analoza pakona. Kadontho kamodzi, kopanda mzere, ngati batani lothothoka.

"Temu ino ikatha ndisanapeze mizere, ofesi ija ndiisiya," anatero.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu wa msinkhu umenewo, wosadziwa ngakhale kukhoma msomali, akachoka m'kachipinda kaja akalowera kuti? Ndinawauza kuti alimira anzawo minda mpaka wawo wamera tchire. Anangopinda pepala lija bwinobwino, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinakwiyira.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Achimwene, amene sanapemphepo kanthu kwa wophunzira wawo, anakagogoda kwa mkulu wa dipatimenti. Mayi ameneyu anali mmodzi wa madontho akuluakulu aja, ndipo kafukufuku wake woyamba anadutsa pansi pa bolopeni yofiira ija. Sanaiwale, ndipo ndimamuyamikira pa chimenecho. Anawalandira ataimirira.

"Aphunzitsi, zakale zija sitingazibweze, zinasindikizidwa kale," anatero. "Koma pali pepala lina likutumizidwa lero. Olemba ake ndi ambiri, a mayiko osiyanasiyana. Ndikaikapo dzina lanu palibe angadandaule, ndipo mizere mupeza yokwanira. Pa zokutchulani muli pansi ndithu, koma mizere ikakhalapo ndikakulankhulirani."

"Ndipatseni ndiliwerenge kaye, mayi."

"Nthawi yatha, aphunzitsi. Latsekedwa kale, sitingasinthemo ngakhale liwu limodzi. Mungovomera basi."

Achimwene anandiuza okha kuti anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pa thumba la shati. Zaka zonsezi anakana kulembedwa pa ntchito imene anagwira ndi manja awo. Tsopano ankawapempha kulembedwa pa ntchito imene sanaione ndi maso. Anavomera.

Pepala linatuluka, kompyuta inawerenganso, ndipo kadontho kaja kanamera mizere yopita mbali zonse, kwa anthu amene achimwene sangawazindikire atakumana nawo pamsewu. Kontrakiti inawonjezedwa. Alamu anga anapuma, inenso ndinapuma. Pa msonkhano wina wa yunivesite akuti anawatchula ngati chitsanzo cha mphunzitsi wachikulire amene waphunzira kugwira ntchito ndi anzake.

Mwezi wathawu ndinawapititsira shati yatsopano ku ofesi. Ndinapeza chitseko chotseka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinagogoda. Anali atangokhala, fani ili chiimire, tebulo lili mbee. Thumba la shati imene anavala linali loyera, lopanda banga. Pakona ya tebulo panali pepala lija, dzina lawo lili pakati pa khamu la mayina.

Ndinafuna kuwasangalatsa. "Ndiye ili ndi limene linakupulumutsani? Tandiuzeni, likunena zotani?"

Anayang'ana pepalalo osaligwira.

"Sindinaliwerenge, mlongo wanga," anatero. "Ndikuopa kupezamo cholakwa."