Zipi ya Baibulo la a Kwalembedwa

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo ankadziwika ndi dzina loti a Kwalembedwa. Mukatsutsana nawo, kaya za kutalika kwa kabudula kaya za mvula, ankatseka nkhani ndi liwu limodzi lomwelo: "Kwalembedwa!" Baibulo lawo analisokera okha chikuto chokhala ndi zipi, ndipo Lamulungu lililonse linkapita kutchalitchi lili m'khwapa. Kunena zoona, thukuta lawo linkalidziwa bwino bukulo kuposa maso awo.

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anapeza mwamuna wa mpingo wa tsidya la msewu, uja wobatiza momiza thupi lonse. A Kwalembedwa anali atagula kale nsalu yoyera ya diresi la ukwati, koma atamva za mpingowo anakana kwamtuwagalu, nsalu n'kuiponya pansi pa sutikesi.

"Kwalembedwa," anatero, "mwana wosiya mpingo wa bambo ake wadzithyola yekha ngati nthambi."

"Palembedwa pati, bambo? Ndionetseni."

"Iwe, ukufuna kundiyesa mayeso? Abusa ananena okha paguwa!"

Ukwati unachitika iwo ali pamakina, akupalasa ngati sakumva mahutala a galimoto. Akazi awo anachonderera mpaka kutopa, ndipo anamwalira asanaone bambo ndi mwana akupatsananso moni.

Tsono tamvani za dziko. Abusa aja anayambana ndi akulu a mpingo polimbirana mpando, n'kutuluka kukayambitsa mpingo wawowawo m'kalasi ya sukulu. Tsiku lina anatulukira pakhonde paja kudzayezetsa mkanjo watsopano.

"Nanga vesi lija, abusa?" anafunsa telala, tepi ili m'khosi. "La wosiya mpingo wa bambo ake?"

"Vesi liti? Aa, inunso! Zija zinali zongoopsezera achinyamata. Manjawa mukulitseko pang'ono."

A Kwalembedwa anaweruka nthawi yomweyo. Atafika kunyumba anatenga Baibulo kuti atsegule, koma zipi inali itagwira dzimbiri. Anachita kutumbula ndi lezala chikuto chimene anasoka okha, manyazi atawagwira ngati mbala.

Kuyambira pamenepo ankawerenga pakhonde pomwepo, chala chikukwawa pansi pa mzere, eni mathalauza akudandaula kuti ntchito ikuchedwa. Ankafunitsitsa kulipeza vesilo, poti likanapezeka, ndiye kuti akazi awo sanapite ndi chisoni pachabe. Anafika patsamba lomaliza. Munalibe.

Anatulutsa nsalu ija, itayamba kale chikasu mopinda monse, n'kukagogoda kwa mwana wawo. Anatsegula chitseko ndi kamtsikana ka maso ngati a malemu akazi awo.

"Amayi, kwabwera atelala!"

Mayiyo anatuluka akupukuta m'manja. Anayang'ana nsaluyo, kenako bambo ake.

"Mwapapeza, bambo?"

"Palibe, mwana wanga," anatero. "Sipanalembedwe paliponse. Ndinalemba ndine."