Khutu Lakumanzere la Abambo

Ndikukumbukira fumbi la ku Mooinooi. Mwezi wa Ogasiti mphepo inkalinyamula pamilu yotuwa ya zotsalira za mgodi n'kuliwaza pazovala zoyanika, pamawindo, ngakhale m'mano. Tinkakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu wina wa pamgodi, pafupi ndi mtengo wa mapichesi womwe zipatso zake zinkagwa zisanapse. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ntchito yanga yaikulu pakhomopo sinali kusesa kapena kutsuka mbale. Ndinali makutu a abambo anga.

Abambo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, kubwera ku Joni pa kontalakiti. Kontalakitiyo inatha, iwo sanabwerere. Anagwira kumigodi ya golide, kenako anasamukira kuno ku pulatinamu, koma ntchito inali yomweyo zaka zonsezo: kubowola mwala ndi makina aja ogwedeza thupi lonse. Pamene ndinkabadwa, mwana wa kuukalamba, makinawo anali atawononga kale makutu awo. Lakumanja linali litaferatu. Lakumanzere linkamvako pang'ono, munthu akayika pakamwa pafupi n'kukuwa. Kuchipatala anawapatsa kachipangizo koika m'khutu, koma ankati kamalira ngati nkhululu, ndiye anakaponya m'kabati. Sindikudziwa chifukwa chake, koma mawu anga ndiwo ankalowa bwino kuposa a wina aliyense.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Protea Park, ndipo ankagona komweko, kubwera Loweruka masana. Choncho kukiliniki ndinkapita ine, kusitolo ine, kutchalitchi ine. Anzanga akamathamangira kubwalo la mpira wamanja tikaweruka, ine ndinkapita kunyumba. Kutchalitchi chathu cha Amalawi ndinkakhala kumanzere kwa abambo, ndipo ulaliki wa ola lathunthu ndinkaufupikitsa mopanda chisoni.

"Akuti tilape," ndinkatero m'khutu mwawo potuluka.

"Sabata yatha unanenanso zomwezo," ankayankha. "Mbusayu alibe nkhani ina?"

Lamulungu masana linali la foni ya kumudzi. Tinkaimbira azakhali anga, a Nangozo, mlongo wawo wa abambo, amene ankasamalira agogo aakazi. Agogowo anali atakalamba kwambiri, ndipo ine sindinawaonepo. Ndinkadziwa mawu awo okha, onjenjemera, ofunsa funso limodzi nthawi zonse: mwana wawo adzabwera liti. Ndinkakuwa funsolo m'khutu la abambo, iwo n'kuyankha kuti chaka cha mawa. Kumudzi ankawatcha mtchona, ndipo iwo ankadziwa.

Achimwene anga a Limbani ndiwo anali oyamba m'banja mwathu kufika ku yunivesite. Ankaphunzira sayansi ya makompyuta ku Johannesburg. Abambo ankanyadira, koma sankamvetsa chimene mwana wawo ankaphunzira. Tsiku lina pa holide anawafunsa ngati akamaliza azidzakonza ma TV. Achimwene anafotokoza kudzera mwa ine kuti iwo amalemba malangizo, makina n'kumatsatira.

Abambo anaganiza kaye, kenako anagwedeza mutu. "Ndiye ndiwe kapitawo wa makina. Zili bwino. Kapitawo salowa pansi kawirikawiri."

M'chaka chawo chomaliza, wophunzira aliyense ankayenera kupanga pulogalamu yakeyake yoti akaonetse kwa aphunzitsi. Achimwene anabwera pa holide ya mu Juni atawonda, atanyamula laputopu yakale yomangidwa ndi tepi pakona. Anatiuza kuti akufuna kupanga pulogalamu yomva Chichewa: munthu azilankhula, iyo izilemba pasikirini, abambo aziwerenga. Mphunzitsi wawo anali atawachenjeza kuti asankhe chinthu chopepuka, poti kompyuta imaphunzira chilankhulo pomvetsera mawu ambirimbiri ojambulidwa, ndipo a Chichewa kunalibe koti n'kuwapeza. Achimwene anati awajambula okha.

Kunena zoona, ine ndinasangalala kuposa onse. M'mutu mwanga ndinali nditavala kale yunifolomu ya timu ya mpira wamanja.

Holide yonseyo tinkajambula mawu. Pofuna kuthawa phokoso la magalimoto a pamgodi, achimwene ankamulowetsa munthu m'chipinda n'kumufunditsa bulangeti kumutu pamodzi ndi maikolofoni. Kunkazizira, ndiye palibe ankadandaula. Azibambo a kutchalitchi, akuluakulu olemekezeka, ankalowa m'bulangetimo mmodzimmodzi n'kumawerenga nyimbo ndi nyuzipepala zakale. Anabweranso a Che Amidu, telala wa ku Mangochi amene ankasoka pakhonde la sitolo ina ndipo anali mnzawo wa abambo wa bawo. Iwo anakana kuwerenga za m'buku. Anati makina aphunzire Chichewa cha anthu, ndipo anayamba kufotokoza mmene mkazi wawo anawakanira kawiri asanawalole. Bulangeti linkagwedezeka ndi kuseka kwawo komwe.

Tsiku loyesa koyamba, abambo anavala magalasi awo n'kukhala patsogolo pa laputopu, manja ali pamawondo ngati mwana wa sukulu. Achimwene anandiuza kuti ndilankhule bwinobwino, osakuwa.

"Abambo, madzi atentha, kasambeni," ndinatero.

Kompyuta inaganiza kwa kanthawi, kenako inalemba. Abambo anawerenga mokweza, chala chikutsatira zilembo: "Abambo, mazira atentha, kasambeni." Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika pansi pa magalasi. Achimwene anachita manyazi, koma abambo anawagwira paphewa n'kunena kuti mawu atatu mwa anayi ndi chiyambi chabwino.

Pobwerera kusukulu, achimwene anatisiyira foni yakale yokhala ndi pulogalamuyo, ndipo ankatitumizira zokonza pafupipafupi. Amayi ankadandaula kuti mwana wawo sakudya, poti akamuimbira nthawi iliyonse ankayankha ali m'chipinda cha makompyuta. Pang'onopang'ono zolakwika zinayamba kuchepa. Kusitolo ndi kukiliniki ndinkapitabe, chifukwa kumeneko n'kwa Chitswana ndi Chingerezi, koma pakhomo ndinayamba kupuma. Ndinalowa timu.

Loweruka lina ndikuchokera kumpira, thukuta lili thupi lonse, ndinawapeza makolo anga atakhala pabenchi pakhomo. Amayi anali atagwira foni pafupi ndi pakamwa, akulankhula motsitsa. Abambo ankawerenga n'kumamwetulira. Sindinamve zomwe ankanena, ndipo chimenecho n'chimene chinandiimitsa pachipata. Chibadwire changa, chilichonse chimene amayi ankawauza abambo chinkamveka mpaka kwa aneba. Tsiku limenelo ndi pomwe ndinadziwa kuti makolo anga ali ndi nkhani zawozawo. Ndinabwerera pamsewu n'kuzungulira kaye.

Mu Seputembala achimwene anabweranso kwa masiku ochepa. Anali atakonza zoti pulogalamuyo izimvanso mawu a pafoni, kuti Lamulungu limenelo abambo acheze ndi amayi awo popanda womasulira. Tinabwerako kutchalitchi, koma abambo sanavule jekete. A Che Amidu anabwera kudzaonerera, ataitanidwa ndi abambo eni ake. Achimwene analumikiza foni ku laputopu, n'kukweza sipika kuti tonse tizimva.

Tisanaimbe, foni inalira yokha. Anali azakhali. Zinatidabwitsa, chifukwa iwo ankangofulasha, ife n'kuwaimbira.

Achimwene anayankha. Kunamveka mphepo, netiweki ikudukaduka, ndi mawu a azakhali osakanikirana ndi kulira. Kumbuyo kwawo kunkamveka azimayi ena akubuma. Tonse amene tinali ndi makutu tinamva nthawi yomweyo. Agogo anali atapita m'mawa wa tsikulo.

Kompyuta inali isanamvepo munthu akulankhula uku akulira. Inayamba kulemba mawu osagwirizana, ena oduka pakati. Abambo anasendera pafupi ndi sikirini, chala chili pagalasi.

"Mvula," anawerenga. "Njinga. M'mawa." Anatembenuka akumwetulira. "Akuti kwagwa mvula? Mu Seputembala? Ndiye chaka chino adya msanga."

Amayi anali atatseka pakamwa ndi nsalu. A Che Amidu anayang'ana pansi. Achimwene akanatha kungolemba uthengawo pa laputopu, koma manja awo anali ataumira pamwamba pa mabatani, maso ali pa mawu opanda pakewo, amene ankangowonjezekabe. Amayi anandiyang'ana.

Ndinadzuka n'kupita kumanzere kwa abambo. Jekete lawo linkanunkhira sopo wa kuchapa ndi mafuta a m'mutu. Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa kuti uthenga wa maliro amaunena motsitsa, mozungulira, munthu atakhala pansi. Ine ndinayenera kukuwa. Ndinayamba ndi mawu aulemu aja.

"Abambo, agogo atisiya."

"Ati chiyani?"

Ndinakoka mpweya, n'kuyika manja anga onse mozungulira khutu lawo.

"Amayi anu amwalira."

Mawuwo anatuluka pawindo, anadutsa mpanda. Galu wa aneba anayamba kuuwa.

Abambo anavula magalasi, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika m'thumba la jekete. Kenako analoza foni.

"Umuuze mlongo wanga kuti ndamva."

Sanapite kumaliro. Kumudzi anaika mawa lake, ulendo wa basi ndi wa masiku, ndipo pasipoti yawo inali itatha kalekale. Anthu a kutchalitchi anabwera kudzakhala nafe, anaimba nyimbo za maliro pabwalo lopanda bokosi. A Che Amidu anatseka makina awo osokera sabata yonse, n'kumakhala pambali pa abambo.

Achimwene anatseka laputopu n'kuilowetsa pansi pa bedi. Tsiku loti abwerere linafika, iwo osalongedza. Anawauza amayi kuti sabwereranso, kuti ataya chaka chathunthu pa chinthu chomwe chinawaseketsa abambo pa imfa ya amayi awo, ndipo akafuna ntchito pamgodi ngati anzawo. Amayi analira, anakalipa, anapempha. Sizinathandize. Kwa ine sankalankhula n'komwe, ndipo akakumana nane pakhomo ankayang'ana kumbali.

M'mawa wina ndikukonzekera kupita kusukulu, ndinaona abambo akutuluka kukawapeza achimwene pansi pa mtengo wa mapichesi. Ndinatsatira poganiza kuti andifuna, koma anandikaniza ndi dzanja. Ulendo umenewo sankafuna kumva yankho la munthu.

"Limbani," anatero, "ine ndabowola mwala kuyambira ndili wamng'ono kuposa iwe. Pulatinamu amene amamunenayo sindinamuonepo ndi maso anga. Ndinkangoona fumbi. Iwe ntchito yako ndaiona. Ndacheza ndi mayi ako."

Achimwene anayamba kuyankha, koma abambo anapitiriza ngati palibe walankhula.

"Mlongo wanga akamalira sankamveka ngakhale ndili ndi makutu onse awiri. Usawanamizire makina. Ndipo kumudzi sindinapite chifukwa cha ine mwini, osati chifukwa cha iwe. Kasambe, ukakwere tekisi."

Masana a tsikulo achimwene anapita. Pokaonetsa ntchito yawo kwa aphunzitsi sanabise kalikonse. Anafotokoza pamene pulogalamuyo imagwira bwino, ndi pamene imalephera, ngati munthu akulira kapena netiweki ikuvuta. Anakhoza.

Abambo sanaone mwambo wolandira digiri. Chifuwa chimene ankachinyalanyaza zaka zambiri chinakula nyengo ya mvula, ndipo mu Febuluwale tinawaika kumanda a ku Rustenburg, kutali ndi amayi awo. Kumwamboko tinapita awiri, ine ndi amayi, titavala zovala zosokedwa ndi a Che Amidu. Holo inali yodzaza, yonunkhira mafuta onunkhira ndi nsalu zatsopano. Atatchula dzina la achimwene, ndinatembenukira kumanja kwanga, pakamwa nditatsegula kale. Pampandopo panali mayi wina wachilendo akujambula mwana wake.

Papita zaka tsopano. Ku Mooinooi ndimadutsako mwa apo ndi apo, popeza ndimaphunzitsa sukulu ku Chaneng. Madala ambiri aja a m'bulangeti anamwalira, ena anabwerera kumudzi ndi penshoni zawo. Kutchalitchi ulaliki umayamba m'Chichewa n'kuthera m'Chingerezi, kuti ana amve. Ophunzira anga amalankhula ndi mafoni awo, mafoniwo n'kumalemba, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Ambiri amati akufuna kudzaphunzira za makompyuta, ndipo ndimawalimbikitsa.

Achimwene amakhala ku Johannesburg, amayang'anira makompyuta a kampani ina yaikulu, ndipo amayi amakhala nawo. Za makina omva Chichewa sanazigwirenso. Pa Khirisimasi yapitayi tinali kwawo, titakhala panja, ana akusewera, nyama ili pamoto. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati pulogalamu ija akadali nayo. Anati laputopuyo inafa kalekale, ndi zonse zimene zinali m'menemo. Anayang'ana chikho chawo kwa kanthawi.

"Ukudziwa, Tadala," anatero, "ndi zipangizo za masiku ano, ndikanaimaliza m'sabata imodzi. Ndipo ikanamva."

Anadzuka kuti akatembenuze nyama, ngakhale anali atangoitembenuza kumene. Sindinawatsatire.